Vinyo wa paukwati: musamvere za "wokhalitsa ndiye wokoma"

Asisi, musanapereke ndalama ya vinyo wa ukwatiwo kwa aliyense, imvani zomwe zinationekera ife kuno ku Dedza. Bambo wina wooda katundu ku Mozambique anatigulitsa makatoni a vinyo wofiira wa ku Portugal, ati wokhalitsa ndiye wokoma. Perekaniperekani atatha, a MC anauza anthu kuti akonzeke kukweza matambula. Kutsegula botolo loyamba, fungo la viniga lokhalokha. Lachiwiri chimodzimodzi. Zitsekerero zina zinali zitatukuka kale, vinyo atadontha m'katoni, mtundu wake utasanduka ngati tiyi. Apongozi aakazi a mkwatibwi analawa n'kulavulira m'kansalu, tebulo lonse la akuluakulu likuona. Mchemwali wanga, mayi wa mwana, anatuluka muholo akulira. Kenako tinamva kuti katunduyo anakhala m'kanyumba ka malata Okutobala yense. Titamulondola bambo uja akuti, "Inu simuudziwa vinyo." Ndalama osabweza mpaka lero, koma kutchalitchi amakhala kutsogolo!

Vinyo amadana ndi kutentha ndi dzuwa, ndipo wambiri wa m'mashopu anapangidwa kuti amwedwe msanga, osati kusungidwa zaka. Wofiira amawira pamodzi ndi makungu a mphesa zakuda, n'chifukwa chake amaumitsa m'kamwa. Woyera amachotsa makunguwo asanawire, pomwe rosé, wa mtundu wa pinki uja, makungu amakhalamo maola ochepa chabe. Mukaona "dry" pabotolo ndiye kuti shuga anatha powira, satsekemera, ndipo azakhali ndi ankhoswe adzangomusiya pa tebulo. Anthu athu ambiri amakonda "sweet" kapena "semi-sweet". Wokwezera matambula tengani wothetheka uja, sparkling, wozizira bwino, koma wina asakunamizeni kuti ndi Champagne. Weniweniyo amachokera kuchigawo cha Champagne ku France basi, ndipo ndi wodula. Samalaninso mphamvu: vinyo wambiri ali pa 12 mpaka 14 peresenti, pomwe mowa wa m'botolo uli cha m'ma 5. Port, vinyo wotsekemera wa ku Portugal wowonjezeredwa mphamvu, amafika cha m'ma 20.

Gulani m'shopu yaikulu, wa ku South Africa, wa ku Stellenbosch kapena Paarl, anthu a m'malirewa asiyeni. Komabe kunena zoona, wa ku Portugal wodzera ku Mozambique ndi wabwino, makamaka vinho verde, vinyo wopepuka wa kumpoto kwa Portugal. Ngati muli ndi munthu wodalirika wopita ku Ulongwe, ku Mozambique, mtumeni, koma atsegule botolo limodzi pomwepo asanalipire.