Musathamangire kupopera, yambani mwaona nthaka ndi madzi

Mayi wina wafunsa kuti: "Tomato wanga akuda kunsi kwa chipatso n'kuyamba kuwola asanapse. Ndipopere mankhwala anji?"

Mayi, sungani ndalama zanu, amenewa si matenda a tizilombo. Chipatsocho chikusowa mchere wa kashiamu. Nthawi zambiri mcherewu umakhalamo m'nthaka, koma umakwera mumtengo ndi madzi. Ndiye mukathirira kwambiri lero n'kusiya bedi liume gwaa masiku angapo, kenako n'kudzakhuthuliranso madzi, zipatso zomwe zikukula zimaperewedwa. Thirirani mosadumphadumpha, patsinde osati pamasamba. Musanathirire, pisani chala m'dothi: ngati kunsonga kwa chala kukumveka chinyezi, dikirani kaye. Phimbirani bedi ndi udzu wouma wopanda njere, koma udzuwo usakhudze tsinde. Zipatso zakudazo thyolani, sizichira. Feteleza wa nayitrojeni naye musachulutse, amakuza masamba n'kukulitsa vutoli.

Bambo wina akuti mbewu zawo zimafota masana ngakhale athirire, ndipo atazula chitsamba chimodzi anapeza mizu yotupatupa.

Apa ndiye pandidetsa nkhawa, bambo. Zimenezo ndi tinyongolotsi ta m'nthaka tosaoneka ndi maso, timene timalowa m'mizu n'kuitsekereza kumwa madzi. Musasokoneze ndi timibulu ta pamizu ya nyemba, tija tothandiza kuwonjezera chonde. Timeneto timamera pambali pa muzu ndipo timathothoka mukatikanda ndi chala, pomwe chotupa cha nyongolotsi ndi muzu weniweniwo umene wafufuma. Zulani zonse zodwala muotche, zisalowe mu kompositi. Pabedi limenelo musabwezerepo tomato, mabiringanya, tsabola kapena mbatatesi kwa zaka 3, chifukwa ndi banja limodzi ndipo adani awo ndi amodzi. Dzalanipo chimanga kapena maluwa a marigold, ndipo thirani manyowa ambiri owola bwino. Ndikuti owola, chifukwa ndowe zaziwisi zimawotcha mizu ya mbande. Khasu lomwe mwalimira pamenepo litsukeni musanapite nalo pa bedi lina.

Funso lomaliza ndi la mnyamata amene akufuna kudzala mango pakati pa ndiwo zamasamba poti malo ndi ochepa.

Ganizo la zipatso ndi labwino, koma osati pakati. Masamba amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposerapo patsiku, ndipo mtengowo ukakula udzawaphimba. Udzale m'mphepete, ndipo usankhe wokwatitsa, umene umayamba kubereka pakatha zaka 3 kapena 4. Ukumbe dzenje la masentimita 60 mulitali, mulifupi ndi kuya komwe, usakanize dothi lapamwamba ndi manyowa. Podzala, chipsera cha pomwe anakwatitsira chikhale pamwamba pa dothi, ndipo mphukira iliyonse yotuluka kunsi kwa chipseracho uzibudula ikadali yanthete.