Phiri la Zomba ndi lathu, tizikwera

Mayi wina wandilembera imelo kufunsa ngati kuli bwino kupita ndi ana pamwamba pa phiri la Zomba, poti akumva zoti mitengo inatha komanso eti kumeneko nkwa azungu ndi mabwana. Mawu omalizawo andikhudza kwambiri mayi, chifukwa nane ndinakula ndi maganizo omwewo.

Ine kwathu nku Matawale, phiri ndinkaliona mmawa uliwonse koma kukwera ndinakwera ndili ndi zaka 19. Agogo anga ankapitako kawiri pa sabata kukatola nkhuni, nkutsika ndi mtolo pamutu miyendo ikunjenjemera, koma mpaka kumwalira sanaimepo pa Queen's View kuti aone Nyanja ya Chilwa ndi Mulanje patali paja. Dzina la malo oonerapo patali amenewa linabwera chifukwa Queen Mother, mayi ake a Mfumukazi Elizabeth ya ku Britain, anaima pamenepo mu 1957, pomwe malo ena otchedwa Emperor's View ndi a Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, yemwe anabwera mu 1965. Atsamunda anaika phirili kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1913 nkudzalamo paini, nthawi imeneyo likulu lili Zomba, ndiye chiyambire anthu athu ankakwera ngati antchito, ocheka matabwa ndi onyamula katundu, owonerera anali ena.

Zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Ndipo ndikunena osaopa, phirili likuperepeseka chifukwa sitinaphunzitsidwe kuti ndi lathu. Munthu sangateteze malo amene amangolowamo mozemba alonda. Chaka chilichonse chilimwe moto umabuka usiku ife nkumaonerera tili mmunsi ngati si zathu, pomwe madzi a mmipopi yathu akuchokera ku damu la Mulunguzi komweko! Makala tikugula ndife tomwe a mtauni, kenako nkumanyoza mnyamata wotsika ndi njinga yodzadza nkhuni.

Nkhani ya Chingwe's Hole nayo tinkangoimva moopsezana, zoti kale ankaponyamo anthu. Tsiku limene ndinaima pambali pa dzenjelo ndinangoti duu, kuganiza kuti mbiri ya makolo athu ndikuimva kwa mnyamata woperekeza alendo, kusukulu osatiuzako.

Tsono mupite?

Pitani mayi. Zitsa muziona, sindikunamizani, koma mathithi a Williams Falls alipo ndipo cha ku mtsinje mitengo yachilengedwe ikadalipo. Nyamukani mmawa, anawo muwatengere majuzi poti kumazizira, woperekeza mupeze wa komweko, ndipo sitiroberi za anyamata a mmbali mwa msewu mugule osanenerera kwambiri.