Jakisoni wa pamsana: yankho kwa achemwali a ku Johannesburg

Achemwali, imelo yanu ndaiwerenga kawiri. Mwati msana wakuzunzani chaka chachiwiri tsopano, dokotala akufuna kukubayani mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa steroid pakati pa mafupa a msana, ndiye mukufunsa ngati mulipire.

Funsoli landifikitsa kwa mayi anga. Anali munthu wa khasu, wa ndowa pamutu, ndipo msana unawagwira ndisanamalize sukulu. M'chiuno mwawo munali mphini zokhazokha. Mphini zitakanika tinayamba maulendo a ku kiliniki ina yolipira m'tauni, komwe ankawabaya mankhwala oletsa ululu a diclofenac pathako. Akatsika pabedi paja nkhope inkawala, n'kumati, "Mankhwala ndi amenewa mwanawe, osati timapiritsi tanu tija." Masiku awiri kapena atatu ankalima ngati mtsikana. Sabata isanathe, ndodo m'manja, tabwereranso. Wolipira ndinali ine, ndipo ndinkalipira mokondwa, poganiza kuti ndikuchita zomwe mwana ayenera kuchitira kholo. Mbuzi ziwiri zinathera mmenemo. Kenako anayamba kudandaula kuti m'mimba mukutentha, ndipo anawapeza ndi zilonda za m'mimba. Panalibe anatiuza kuti diclofenac amakanda m'mimba n'kulemetsa impso, kaya wamwa kaya wabayitsa. Mpaka lero zimandiwawa.

Ndikudziwa kuti jakisoni wa mayi ndi wanuyo ndi osiyana. Koma chikhulupiriro chake n'chimodzi: timati mankhwala opweteka polowa ndiwo amphamvu. Munthu akabwera kuchipatala ndi mapiritsi okha amati sanamuthandize. Azungu nawonso ali ndi matenda omwewa, kungoti singano yawo ndi yodula.

Mu February 2025, magazini ya zachipatala ya BMJ inatulutsa malangizo a gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Jason Busse wa ku McMaster University ku Canada. Anasonkhanitsa kafukufuku 81 wokhudza odwala pafupifupi 8,000, n'kuona ngati obayidwa mankhwala enieni amapeza bwino kuposa obayidwa jakisoni wongonamizira. Kwa anthu amene msana wawapweteka kupitirira miyezi itatu, osati chifukwa cha khansa, kusiyana kunali kochepa kwambiri kapena kunalibiretu. Gululo linalangiza mwamphamvu kuti asamabaye, kaya pafupi ndi mitsempha ya msana, m'malo olumikizira mafupa, kapena m'minofu, komanso asamawotche timitsempha ndi singano yamagetsi. Madokotala ena amene ntchito yawo ndi yobaya anatsutsa, nati kafukufukuyo anasakaniza odwala osafanana. Ndawamva. Koma ine ndimati wobaya ndiye abweretse umboni, ndipo umboni wolimbawo sunabwere. Ngakhale mu 2014, kafukufuku wa ku America wa anthu 400 amene ngalande ya m'msana mwawo inapanikizika anapeza kuti patatha masabata 6, kuwonjezera steroid sikunapose kwenikweni mankhwala ochititsa dzanzi okha.

Nanga bwanji anthu amalumbira kuti anachira? Sanama ayi. Msana umakwiya n'kuleza wokha, ndipo munthu amathamangira jakisoni tsiku limene wafika povuta, pomwe mawa lake ukanayamba kale kuchepa. Chiyembekezo nachonso chimaziziritsa ululu. Mayi anga ankamvadi bwino. Chimene sichinkasintha ndi msanawo.

Ndipo singano pamsana si masewera. Mu 2012 ku America, steroid yoipitsidwa ndi nkhungu inadwalitsa anthu opitirira 750, ndipo oposa 60 anamwalira, ambiri ndi matenda oumitsa khosi. Zotere sizichitika kawirikawiri, koma steroid amathanso kukweza shuga m'magazi, nkhani yaikulu kwa odwala shuga.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri n'china. Kwathu kuno, ndi kumene muliko komweko, TB imagwiranso mafupa a msana. Munthu akuonda, akutuluka thukuta usiku, msana ukupindika pang'onopang'ono, ife tikungoziziritsa ululu ndi majakisoni mpaka miyendo itafooka. Imeneyo ndi TB yochizika ndi mankhwala, ikapezeka msanga. Wobaya asanafufuze akubisa moto ndi udzu.

Ndiye mutani?

Ngati mukuonda, kutentha thupi, miyendo ikufooka, pali dzanzi pakati pa ntchafu, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikuvuta kugwira, pitani kuchipatala lero lomwe. Ngati ululu ndi watsopano, woopsa, wotsika ndi mwendo, jakisoni angakupumitseni kwa masabata ochepa. Malangizo a ku Britain a 2016 amalola pamenepo, koma amakana kubaya chifukwa cha msana wongopweteka. Wanuwo wa zaka ziwiri, ine ndalamazo ndikanapita nazo kwa a fizo, aja ochiza pophunzitsa masewera olimbitsa thupi. Mu 2023 bungwe la WHO linalimbikitsa masewera olimbitsa thupi, kuphunzira za ululuwo, ndi uphungu. Muziyenda tsiku lililonse, musagonere. Dokotalayo mumufunse kuti jakisoniyo adzagwira masabata angati, ndipo akadzatha mudzatani.

Mayi anga anayamba kupezako bwino titawagulira wilibala ndi kuwaletsa ndowa. Ululu sunathe, koma ankayenda okha kupita kutchalitchi.