Kodi mwana ndimulipire switi kuti awerenge buku?

Mayi wina wa ku Rosettenville, dera la mumzinda wa Johannesburg kuno ku South Africa, wandilembera imelo. Ali ndi ana awiri, wa zaka 6 ndi wa zaka 3, ndipo akuti amapuma Lamlungu lokha. Akuti chimwalirireni ana 6 aja ku Naledi, ku Soweto, mu Okutobala 2024, analeka kupatsa ana awo ndalama yogulira tamachipisi pa spaza, tigolosale ta m'makomboni. Akufunsa ziwiri: awapangire chiyani pakhomo chosadula, nanga n'kulakwa kulonjeza mwana switi akamaliza buku, poti wamkuluyo akangoona buku amathawira pa foni?

Mayi, mantha anu ndi omveka. Chomwe madokotala anapeza m'matupi mwa ana aja ndi terbufos, mankhwala a m'munda omwe amagulitsidwa m'misewu ngati ophera makoswe. Ndiye musanayatse n'komwe sitovu, onetsetsani kuti mankhwala a makoswe ndi mphemvu sakukhala m'kabati imodzi ndi ufa.

Za switi ija, ine ndikuti ayi. Mwana ndi wochenjera. Akaona kuti buku limabwera ndi malipiro, amadziwiratu kuti buku ndi ganyu, ndipo tsiku lomwe switi kulibe, ganyunso kulibe. Koma sindikuti mulekanitse buku ndi chakudya. Bukulo libwere kukhitchini, chifukwa kuphika kuli ndi nthawi yodikira yambiri, ndipo mwana yemwe akudikira chigumu sapita patali.

Yambani ndi zitumbuwa. Nthochi zitatu zakupsa mpaka khungu kuda, zija amatsitsa mtengo pa msika wa Yeoville, ufa pafupifupi theka la kapu, kamchere ndi kasoda pang'ono. Shuga n'ngosafunika, nthochizo zakwanira. Ufa wa kuno ngati Iwisa kapena White Star si mgaiwa, choncho thirani pang'onopang'ono mpaka zikamagwirana m'manja. Wamng'onoyo mupatseni foloko azinyenya nthochi, wamkulu aziwerenga masipuni mokweza. Pa mafuta otentha pakhale inu nokha.

Chigumu ndiye chimavutitsa ambiri kuno, ndipo amangoti ufa wa ku Joni ndi wachabe. Vuto si ufa wokha. Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere. Madzi amawira asanafike madigiri 100, ndipo soda imatupitsa msanga, chigumu n'kukwera kenaka n'kuphwa pakati chisanapse. Chepetsani soda, onjezerani mkaka kapena madzi pang'ono. Nyemba zimachedwa kupsa pa chifukwa chomwechi, koma imeneyo ndi nkhani ina.

M'chilimwe pangani mafirizesi a mango kapena malambe ngati wina wabwera nawo pa basi. Wa zaka 3 uja musamupatse mtedza wathunthu kapena mbuliwuli, zimatsamwitsa. Sinjani mtedzawo mumuphikire futali. Uchi nawo si wa khanda losakwana chaka.

Tsono chigumu chili mu uvuni, mphindi zoposa 30 zili m'manja mwanu. Khalani pansi, wamng'ono pamwendo, wamkulu agwire buku ndipo azitsegula masamba yekha. Osamuyesa mayeso. Makolo ambirife timalakwitsa apa, timaloza liwu n'kumati “werenga apa”, mwana n'kuuma. Inu werengani, sinthani mawu pofika pa fisi, imani pa chithunzi mufunse kuti akuganiza kuti kalulu athawira kuti. Akafuna buku lomwelo sabata yamawa, ndi inzakeyo, musatope nalo. Kubwereza n'komwe kumamuphunzitsa kuzindikira mawu.

Mabuku simufunika kugula. Laibulale za mzinda zimabwereketsa, ya ku Yeoville ilipo, kwanuko ku Rosettenville iliponso. Book Dash, yomwe inayamba mu 2014, imaika mabuku a ana pa intaneti mwaulere. Nal'ibali yakhala ikufalitsa nthano kuyambira 2012. Koma yomwe ndimaikonda ndi African Storybook ya bungwe la Saide la konkuno, chifukwa muli nkhani za m'Chichewa ndi Chinyanja. Foni yomwe mwana amathawirako ija igwire ntchito imeneyi.

Ndikudziwa wina anena kuti Chichewa chimusokoneza mwana yemwe kusukulu akuphunzira m'Chingerezi ndipo pabwalo akusewera m'Chizulu. Sichimusokoneza. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021, woyesa luso la kuwerenga la ana m'maiko osiyanasiyana, anapeza kuti ana 81 mwa 100 alionse a Giredi 4 m'dziko lino satha kumva tanthauzo la zomwe akuwerenga. Kutchula zilembo aphunzitsi aphunzitsa, koma kutsatira nkhani, kudziwa kuti ichi chachitika chifukwa cha ichi, mwana amakutola m'chilankhulo chomwe amayi ake amamasuka nacho. Buku likakhala la Chingerezi, werengani chiganizo kenaka kambiranani m'Chichewa. Tsiku lomwe mulibe buku, “padangotero” akadali yemweyo, ana ayankhe “tili tonse”.

Poti mwati mumapuma Lamlungu lokha, phikani zambiri tsiku limenelo. Chigumu chiduleni m'zidutswa muike mufiriza, muzitulutsa chimodzi usiku kuti chilowe m'chikwama cha sukulu m'mawa. Zitumbuwa zokha sizichedwa kulimba, zimenezo zithe pofika Lolemba.