Za ma phage ndi anapiye otsegula m'mimba

Amayi a ku Chamama, mwati anapiye anu akutsegula m'mimba zoyera, mwawamwetsa oxytetracycline, mankhwala opha mabakiteriya aja, kawiri konse koma akufabe, ndiye mwamva zoti kuli mavairasi odya mabakiteriya, kodi nzoona? Nzoona mayi, si zabodza za pa WhatsApp ayi. Amatchedwa ma bacteriophage, ena amangoti ma phage. Kavairasi kameneka kamakakamira pa bakiteriya, nkulowetsa mbewu yake mkati, kenako kamaswana momwemo mpaka bakiteriyayo kuphulika, ana ake nkumwazika kukagwira ena. Nkhuku kapena munthu sikamukhudza. Ndipo amapezeka paliponse, m'dothi, m'madzi a m'ngalande, mu zitosi zomwe.

Si zatsopanotu izi. Katswiri wa sayansi Félix d'Hérelle anawapeza ku Paris mu 1917, ndipo chomwe chimandisangalatsa ine nchakuti mu 1919 anayesera pa nkhuku zenizeni ku France zomwe zimafa ndi bakiteriya wotchedwa Salmonella. Ku Tbilisi, dziko la Georgia, kuli malo a kafukufuku otchedwa Eliava Institute omwe anayamba 1923, mpaka lero akuchizabe anthu ndi ma phage. Kungoti penisilini atabwera maiko ambiri anawataya, pano akuwakumbukira poti mankhwala ayamba kukanika.

Koma apa mumvetsetse. Phage imasankha, iliyonse ili ndi bakiteriya wake, nthawi zina mtundu umodzi wokha basi, ndiye usanaigwiritse ntchito uyenera kudziwa kaye chomwe chikupha nkhukuzo. Komanso ine m'mashopu a zaulimi pa Kasungu boma pano sindinaionepo, wina akakubweretserani kabotolo nkumati ndi phage musatulutse ndalama chonde.

Ineyo chaka chatha ndinataya anapiye ambiri, m'mawa uliwonse kutola atatu anayi pakona ya khola, mapiko ali gwa, kumbuyo kutamata zoyera. Ndinkangosintha mankhwala, uwu ukakanika ndigule wina, osadziwa kuti ndikungolimbitsa mabakiteriyawo. Ndipo ngati chili chitopa, imeneyo ndi vairasi, oxytetracycline kaya phage sizithandiza, chofunika ndi katemera wa I-2 wodonthezera m'diso uja asanadwale.

Pitani kwa alangizi a ziweto ndi kamwanapiye kamene kangofa kumene, akaone, ngati nkotheka atumize ku labu ya ziweto ku Lilongwe. Odwalawo apatuleni lero lomwe, utuchi wonyowawo muchotse muwotche, zomwera muzitsuka tsiku ndi tsiku. Mutiuze zomwe akakuuzeni alangiziwo.