Mwafunsa za geni ya oyilo wa kunja

Achimwene, mwafunsa kuti geni yolowetsa oyilo wa galimoto kuchokera kunja imayenda bwanji, ndiponso kuti mu Peugeot 504 imene anakusiyirani malemu bambo anu muzithiramo oyilo wanji. Ndiyamba ndi 504-yo, chifukwa munthu wosadziwa chothira mu injini yotere asayerekeze n'komwe kukaoda mgolo.

Thiranimo 20W-50 wamba, uja amati mineral. Anyamata a m'mashopu akuuzani kuti synthetic wa 5W-30 ndiye wapamwamba poti ndi wodula. Ameneyo anapangira ma Sienta ndi ma Vitz obwera kuchokera ku Japan, omwe zitsulo zake n'zothinana. Injini ya 504, ya Land Rover yakale, ya Datsun 1200 kapena Nissan 1400 inadyeka kale m'kati, mipata inakula. Oyilo wopyapyala amangodutsa, amadontha m'masilo, wina n'kumapsa ndi kutuluka ngati utsi wabuluu kumbuyo. Kwerani naye msewu wa Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti mutanyamula katundu, mukafika pamwamba mudzaona getsi la oyilo likuphethira. Koma musathawirenso kwa SAE 40 amene madalaivala akale amamukonda. Kuno ku Dedza m'mawa wa June ndi July ameneyo amakhala atalimba ngati uchi, ndipo injini imazungulira youma asanakwere kumtunda. Nambala yoyamba ija, 20W, ndi ya nthawi yozizira, 50 ndi ya injini ikatentha. Werenganinso zilembo za API kumbuyo kwa chigubu, zija zosonyeza gulu la oyilo monga SL kapena SN. Injini zakale kamushafuti yake imakhudzana ndi matapeti, tizitsulo tokankha mavalavu, chitsulo pa chitsulo, choncho imafuna oyilo wokhala ndi zinki wambiri woteteza zitsulozo kuti zisadyeke. Oyilo wopyapyala wa masiku ano, wa SN ndi SP, anamuchepetsa zinki ndi fosiforasi kuti asawononge chosefera utsi cha galimoto zatsopano, chomwe 504 yanu ilibe. Ine anthu a galimoto zakale ndimawapatsa wa SG, SJ kapena SL. A dizilo ndi nkhani ina, awo ndi 15W-40 wa zilembo za API zoyamba ndi C. Ndipo ndi fumbi la misewu yathuyi musapyole makilomita 5,000 musanasinthe, pamodzi ndi fyuluta yomwe.

Zimenezi amakaniko a pa boma pano ndi a ku Lizulu amabwera kudzandifunsa ine, ena a iwo okhala ndi mapepala a sukulu ya ntchito. Dzina limeneli ndinaligula modula.

Chaka china ndalama zakunja zitasowa m'mabanki, oyilo anakwera mtengo m'masitolo monse. Munthu wina amene tinkakwera naye basi za ku Joni, yemwe ndinadyapo naye m'mbale imodzi pa Nyamapanda tikudikira mapepala, anandiuza kuti ku Tete kuli migolo ya 20W-50 yotsala ku kampani ina imene inkatseka ntchito. Ndinapita ndekha kukaiona. Migolo ya malita 210, penti watsopano, zotsekera zamalata zili pomwepo, lisiti lodinda bwinobwino. Ananditsegulira umodzi, ndinaviika chala, oyilo woyera bwino, wokoka. Ndinaika mpamba wanga wonse, n'kuwonjezera ya katapila. Mgolo umene ananditsegulirawo ndi wokhawo unali weniweni. Inayo munali oyilo wakuda wokhetsedwa m'magalaja, wosefedwa ndi kuyeretsedwa kuti aoneke watsopano, mphamvu yonse itatha kale.

Mwezi usanathe kunabwera bambo wina wa ku Tsangano, mlimi wa mbatatesi, amene Land Rover yake inkatsitsa matumba kuchokera kumapiri kuja kuyambira ine ndili mwana. Sanakalipe. Anangotulutsa m'thumba la jekete mabeyaring'i okulunga m'nyuzipepala n'kuwayala pa kauntala panga. Anali atakandika mpaka mkuwa kuonekera, m'mbali mwake muli zinthu zakuda zomata zonunkha chopsereza. Anati, "Mwanawe, galimoto iyi yaphunzitsa ana anga onse. Wandipatsa chiyani?" Pambuyo pake panabwera wa Nissan 1400 wonyamula kabichi ku Bembeke, kenako a maminibasi awiri, injini zonse zitanoka. Ndinalipira ovaholo ya aliyense. Ng'ombe za kumudzi zinapita, njinga yamoto inapita, wakatapila anafika mpaka pakhomo kudzawerenga malata a nyumba mkazi wanga akuona. Oyilo wotsalayo ndinagulitsa motaya kwa ocheka matabwa kuti azipaka matcheni ndi mitengo yoopa chiswe. Mnzanga uja nambala yake inasiya kugwira tsiku lomwe ndinawoloka mlatho wa Zambezi. Mlimi wa ku Tsangano uja mpaka lero amagula kwa ine, ndipo ndi amene anauza anzake kuti mnyamatayu analipira osathawa.

Chimene chimandiwawa mpaka pano ndi anthu a pa chipata cha m'malire. Migolo yabodza ija inadutsa m'manja mwa ofesala amene anaizungulira, kuimenya ndi bolopeni, n'kundiuza kuti mtengo wa pa lisiti ndi wochepa, iye ali ndi mtengo wake m'kompyuta. Anandilipiritsa msonkho wa oyilo weniweni pa zinyalala. Palibe anatsegula, palibe anatengako kadontho kukayeza. Koma bwerani ndi katundu wabwino, mapepala onse ali m'manja, mudzamva kuti netiweki yagwa, abwana apita ku nkhomaliro, fomu iyi yasowa siginecha. Lole imagona panja, mwini lole akukuwerengera za kudikira, inu mukunjenjemera ndi chisanu, kufikira wina atakunong'onezani kuti "tangoganizani za ife". Madobadoba amene amakuthamangirani mukangotsika basi amadya limodzi ndi anthu omwewo. Pezani kiliyaring'i ejenti mmodzi wokhala ndi ofesi yooneka, mukhale naye ameneyo, ndipo lisiti lililonse la boma muzisunga, chifukwa pa rodibuloko kutsogolo adzalifunanso ngati kuti simunadutse pa chipata.

Ena akuuzani zodutsa njira zamtchire. Kuchokera ku Dedza kukafika cha ku Ntcheu msewu wa M1 m'malo ambiri ndiwo malire, pa Lizulu mukangowoloka msewu mwalowa Mozambique, ndiye anyamata a njinga amalowetsa zigubu usiku. Adzakugwirani tsiku limodzi, adzatenga katundu ndi njinga yomwe, ndipo oyilo wambiri wabodza amalowera komweko. Ine katundu wanga amachokera kwa ogulitsa ovomerezeka ku Johannesburg, amadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Calomue, chipata cha Mozambique choyang'anizana ndi cha Dedza, ndipo ndimagula zigubu zomata za malita 5 ndi 20 basi. Mgolo sindigulanso pokhapokha nditatsegula uliwonse ndi kutunga wa pansi ndi paipi.

Za ndalama musamadalire mtengo wa dzulo. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atakongoza katundu kwa amakaniko analandira ndalama zosakwana kuodanso katundu wochuluka ngati yemweyo. Mukagulitsa, sinthani msanga mukhale ndi ma rand kapena katundu pa shelefu. Ngongole kwa makaniko ayi, ngakhale akhale mlamu wanu.

Poyesa oyilo, donthezani pa pepala loyera. Wabwino amafalikira mofanana, wabodza amasiya kadontho kakuda pakati ndi timchenga. Mununkhizeni, wogwiritsidwa kale ntchito fungo lopsa silichoka ngakhale amusefe chotani. Thirani pang'ono m'botolo loonekera mkati ligone usiku, m'mawa muone pansi. Yang'anani mkombero wa chitsekero ngati sunamatidwe ndi guluu, ndiponso ngati nambala ya batchi yadindidwa pa chigubu. Ndipo kasitomala akathira oyilo pa shopu panu, chigubu chopanda kanthucho chibooleni ndi mpeni iye akuona. Pali anyamata amazungulira m'magalaja kugula zigubu zoterezi pa mtengo wabwino, ndipo zimabwerera pa msika zitadzazidwa kale.