Buleki ya kutsogolo ikugwira yokha? Musathamangire kugula kalipa

Bambo wina wa ku Katete wanditumizira imelo za Toyota Corolla yake ya 1998, imene amanyamulira anthu kubwera nawo ku Chipata. Akuti m'mawa imanyamuka bwino, koma ikayendako imayamba kulemera ndi kukokera kumanzere, ndipo pofika pa Mtenguleni tayala la kutsogolo kumanzere limakhala likununkha chopsereza. Mafuta nawo ikumwa kwambiri. Mapadi anasintha mwezi watha koma vuto lilipobe, ndiye ku galaja amuuza kuti agule kalipa ina, chitsulo chimene chimafinya mapadi pa disiki ya buleki. Akufunsa ngati agule.

Bambo, ndalama zanu zibakhala kaye m'thumba. Zinthu zimene zimagwiritsa buleki ndi zingapo, ndipo zina sizikhala mu kalipa n'komwe. Chimene chingakuuzeni kumene kuli vuto ndi nipo, kabauti kakang'ono kotulutsira mpweya kamene kali pamwamba pa kalipa.

Muyese galimoto ikadali yotentha, pamene buleki yagwira. Imani pamalo osalala, ikani miyala kumatayala akumbuyo, giya ikhale pa nyutulo, kwezani ndi jeke n'kuchirikiza ndi sitandi. Pa disiki yotentha musathirepo madzi, imapindika. Chotsani tayala, muyese kutembenuza disiki ndi manja mutavala magolovesi. Kukhula pang'ono si vuto. Koma ikakana kuzungulira, tengani sipana ya ring'i, kawirikawiri ya 8, mumasule nipo pang'ono chabe. Ngati yachita dzimbiri, yambani mwaithira mankhwala ofewetsa dzimbiri, chifukwa ikathyokera mkati ndiye kuti kalipa ija mwaigula basi.

Fuluwidi wa buleki akatuluka mwamphamvu, disiki n'kumasuka nthawi yomweyo, dziwani kuti kalipa ilibe mlandu. Fuluwidi akupita koma akulephera kubwerera. Poti kwa inu likutentha ndi tayala limodzi, ine ndikukayikira paipi ya labala yolowa mu kalipa. Paipi imeneyi ikakalamba imafumbutuka mkati, kunja ikuoneka bwinobwino. Mukaponda pedulo ya buleki, mphamvu ya phazi imakankha fuluwidi kudutsa, koma pobwerera palibe chomukankha, ndiye mapadi amangokhala atakumbatira disiki. Kuti mutsimikize, pondani mpaka buleki igwirenso, mumasule polumikizira paipi ya chitsulo ndi ya labala. Disiki ikapanda kumasuka pamenepo koma n'kumasuka pa nipo, ndi paipi ya labalayo. Sinthani mbali zonse ziwiri, poti zinabadwa tsiku limodzi.

Akamagwira matayala onse awiri, pitani ku masita silinda, pampu imene imakankha fuluwidi mukaponda pedulo. Muli kabowo kobwezera fuluwidi m'kabotolo kake, ndipo kamatsekeka ngati pedulo sikubwerera mpaka kumapeto. Igwireni ndi dzanja: iyenera kusewera pang'ono isanayambe kulimba. Nthawi zina cholakwa ndi switchi ya magetsi a buleki imene wina anaimanga mopitiriza. Muonenso labala wa pachivindikiro cha kabotolo. Akakhala wotupa ndi wopindikapindika, pali munthu amene anathiramo oyilo wa injini kapena wa giyabokosi. Zimachitika anthu akathedwa nzeru panjira, koma mtengo wake ndi wowawa, chifukwa malabala onse a mabuleki amafunika kusintha.

Tsono nipo ikatsegulidwa disiki n'kukhalabe yolimba, vuto lili pa kalipa ndithu, komabe si kuti yafa. Yambani ndi mapini awiri amene kalipa imatsetserekapo. Pini yabwino imalowa ndi kutuluka ndi zala zokha. Timalabala take tikang'ambika, fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja zimalowa, girizi n'kuuma gwa. Mapadi akale amaulula zimenezi: imodzi imakhala yatha kuposa inzake, kapena yadyeka mopendekera. Tsukani mapini, sinthani timalabala, pakani girizi wa labala kapena wa silikoni. Girizi wakuda wa mabering'i ayi, amatupitsa labala ndipo pakapita nthawi pini imagwiranso.

Popeza mapadi ndi atsopano, onaninso mmene akhalira m'malo mwake. Ena otsika mtengo amabwera ndi penti wokhuthala m'makutu, kunsonga kumene amatsetserekera, ndipo makaniki wothamanga amangowakhomera ndi hamala. Padi yolowa ndi hamala singabwerere yokha. Palani dzimbiri pansi pa tizitsulo togwira mapadi, makutuwo muwasalaze ndi fayilo.

Chomaliza ndi pisitoni ya mu kalipa, imene imakankha mapadi. Nipo ili yotsegula, ikankheni ndi kalampu. Ikakana, itulutseni. Ngati ndi litsiro chabe, kutsuka ndi kuika malabala atsopano n'kokwanira. Ngati dzimbiri laiboola timaenje, gulani pisitoni ina. Kuipala ndi sandipepa n'kudzinamiza, idzadontha. Kalipa ya pa galimoto yophwasula ine sindimaithamangira, chifukwa zaka zake ndi zomwezo ndipo mkati simunaonemo.

Dzimbiri limeneli limachokera kwa fuluwidi, amene amayamwa chinyezi. Fuluwidi wa mtundu wa DOT 3 watsopano amayenera kupirira kutentha kwa madigiri 205 asanawire, koma akamwa madzi muyeso wake umatsika kufika pa 140. Wa DOT 4 ndi 230 ndi 155. Buleki yogwira imatenthetsa fuluwidi wotereyu mpaka kuwira, pedulo n'kulowa mpaka pansi popanda chogwira. Ganizirani zikuchitikireni m'zitunda za pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa. Muzisintha fuluwidi yense pa zaka 2 zilizonse, osamangowonjezera.

Mukamanga zonse, tulutsani mpweya, pondani pedulo kangapo mpaka ilimbe musanachotse miyala ija. Disiki ikakhala yasanduka yabuluu kapena ili ndi ming'alu, sinthani zonse ziwiri pamodzi ndi mapadi amene anapsawo, ndipo mumvetsere bering'i ya tayala limenelo, poti nayonso yakhala ikuwotchedwa. Anthu mudzanyamule mukayendako makilomita angapo muli nokha, n'kupeza kuti matayala onse awiri akutentha mofanana.